Mayi Akasiya Kusamba, Mumamusiyira Yani?

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, kwa mabwana ndi madona oyang'anira zaumoyo m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, komanso kwa mafumu athu ndi anyakwawa a m'chigwa cha Shire,

Zikomo akuluakulu. Ndiyambe ndi kupepesa, makamaka kwa inu mafumu, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi ndi ya kuchipinda, imene pa mwambo wathu mayi sailankhula pabwalo pali abambo. Ndakhala nayo kukhosi zaka zisanu ndi chimodzi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ndine mayi wa zaka 53, mphunzitsi wa kupulayimale kuno kudera la Ngabu. Ndinabereka ana asanu, ndili ndi zidzukulu zitatu, ndiponso ndine mlembi wa banki m'khonde ya amayi 24. Nkhani yanga ndi ya kusiya kusamba, nthawi ija mayi amaleka kupita kumwezi.

Zinandiyamba ndili ndi zaka 47, mwezi wa June. Mweziwu ndautchula dala. Kuno kuchigwa June ndi July ndiyo miyezi yokha imene munthu amafunafuna bulangete mbandakucha. Koma ine ndinkadzidzimuka pakati pa usiku moto utayaka pachifuwa, n'kukwera m'khosi mpaka kumaso, mtima ukugunda ngati ndakwera mapiri a ku Thabwa wapansi. Thukuta linkanyowetsa chitenje chonse. Pakapita mphindi zochepa, kunjenjemera ndi kuzizidwa. Pambali panga abambo akunyumba ali mkonono, atafunda mpaka kumutu.

Munthu wa kuchigwa akatentha thupi usiku kenako n'kumazizidwa, dzina la nthenda ndi limodzi basi, malungo. Ndinapita pachipatala china chaching'ono, anandibaya chala, malungo sanapezeke, anandipatsa panado. Patatha masabata awiri ndinabwererako, zomwezo. Ulendo wachitatu nditatchula za thukuta la usiku anandipatsa kabotolo ka makhololo poganizira TB, n'kundiyezanso magazi. Zonse zinatuluka bwino. Pakati pa maulendowa ndinagula LA pagolosale kawiri n'kumwa, ine yemwe ndimaphunzitsa ana a Sitandade 6 kuti asamamwe mankhwala asanayezetse. Anamwino aja sindiwada. Mzere unkafika mpaka pamtengo wa panja, ndipo anachita zimene anaphunzitsidwa. Koma maulendo atatu onsewo chaka changa chobadwa chinali pachikuto cha buku langa lakuchipatala, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa kuti kumwezi ndikupita bwanji.

Amene anandifunsa ndi mayi wina wopuma pa ntchito ya unamwino, tili pa maliro, kusiwa usiku. Anandiona ndikudzikupiza ndi mpango pamene anzanga onse anali atadzikulunga zitenje. Anandikodola, tinatuluka pakhonde, anandifunsa mafunso atatu kapena anayi, kenako anaseka chapansipansi nati, "Achemwali, amenewo si malungo. Mwafika."

Zimene anandiuza usiku umenewo ndizilemba pano, poti kalatayi aiwerenganso amayi anzanga. Mayi amabadwa ndi mazira ake onse m'timatumba tiwiri ta m'mbali mwa chiberekero, timene kusikelo amatitcha mabasiketi. Timatumba tomweti ndi timene timapanga mahomoni, makamaka yotchedwa estrogen, imene imayendetsa msambo, kufewetsa njira ya abambo ndi kulimbitsa mafupa. Mazira akamatha, estrogen imatsika. Siitsika tsiku limodzi ayi, imachita ngati madzi a Shire kumapeto a dzinja, lero aphwera, mawa akweranso, mpaka adzakhazikike pansi. N'chifukwa chake msambo umayamba kudumphadumpha, mwezi uno kadontho, miyezi iwiri kulibe, kenako chigumula. Mbali ya ubongo imene imayang'anira kutentha kwa thupi nayo imasokonezeka, ndiye moto uja. Tulo timasowa, mtima umakwiya msanga, zinthu zimaiwalika, mfundo zimaphwanya. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo mayi amawerengedwa kuti wasiyadi akatha miyezi 12 yotsatizana osaona kanthu. Si nthenda. Ena amadutsa osamva chilichonse, ena zimawasautsa zaka zambiri. Koma pambuyo pake mafupa amayamba kufooka, ndipo matenda a mtima ndi kuthamanga kwa magazi amayandikira kuposa kale.

Zonsezi mayi uja anandiuza ola lisanathe, popanda makina, popanda piritsi, popanda galimoto ya bungwe. Usiku wotsatira moto unabweranso monga mwa masiku onse, koma ndinangodzuka, kumwa madzi a mumtsuko n'kugonanso. Kwa miyezi isanu ndinkaganiza kuti ndikufa, mpaka ndinauza mwana wanga woyamba pamene ndimasunga mapepala a munda.

Akuluakulu, taonani mmene mumamulondolera mwana wamkazi m'dziko muno. Akatha msinkhu, anankungwi amamukhazika pansi n'kumulangiza. Kusukulu timamuphunzitsa za msambo, ndipo masiku ano kuli magulu a amayi amene amamusokera zodzisamalira. Akatenga pathupi, sikelo imamudikira, amamuyeza, amamupatsa neti ndi mankhwala owonjezera magazi. Akachira, kusikelo ya ana mwezi ndi mwezi. Nyimbo za kulera tinaziimba pabenchi m'mawa mpaka kuziloweza, lero lomwe mutandidzutsa usiku ndikhoza kukuimbirani. Pakhomo lililonse lolowera pali munthu womulandira. Pakhomo lotulukira pokha ndi pamene palibe woimapo.

Ngakhale powerenga mumatisiya. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imachita m'dziko lonse, monga uja wa 2015 mpaka 2016, amafunsa amayi a zaka 15 mpaka 49. Tsiku limene mayi wakwanitsa zaka 50, wofunsa mafunso amamupatsa moni n'kufunsa ngati mpongozi wake alipo. Chifukwa chake ndikuchimvetsa. Amayi ankafa ambiri pobereka, ndipo kunali koyenera kuthamangira kumene moto unali waukulu. Koma kumbukiraninso kuti cha m'ma 2000, Edzi ili pachimake, mwana wobadwa m'Malawi sankayembekezeka kufika zaka 50, ndipo lero chiwerengerocho chapitirira 60. Ndinu nomwe munatitalikitsira masiku ndi ma ARV aulere kuyambira 2004, ndi maneti, ndi katemera. Tikuthokoza. Koma mwatifikitsa pa msinkhu umene simunatikonzere mpando.

Lachinayi lina titamaliza kugula masheya, ndinatseka buku n'kufunsa amayi a pagulu lathu za nkhaniyi. Poyamba kunali zii, ena akuseka atabisa nkhope m'zitenje. Kenako mmodzi atayamba, tinaweruka dzuwa litalowa. Musaganize kuti onse ankadandaula. Ambiri anati ndi mpumulo. Zochapa nyanda mobisala n'kuziyanika kuseri kwa bafa zatha. Zoitana mwana kuti adzathire mchere m'ndiwo chifukwa mayi ali kumwezi zatha. Mantha a pathupi posayembekezera atha. Mayi wina wa ku Sorgin amene anakwatiwa kuno anati tsopano ndiye wayamba kukhala munthu, poti ngakhale pa milandu ya pabanja amamuitana kuti adzalankhule. Ulemu umenewu ndi weniweni, ndipo aliyense wodzatiphunzitsa asadzabwere ndi nkhope ya chisoni ngati akudzapepesa maliro.

Koma pansi pa mpumulowo pali mantha amene sanapeze woyankha. Ambiri amakhulupirira kuti magazi amene aleka kutuluka amaunjikana m'mimba n'kumaola, ndipo ndi amene amabweretsa kutentha ndi kuphwanya kwa miyendo. Awiri anavomera kuti anapita kwa asing'anga kukafuna mankhwala otsekulira, wina analipira mbuzi. Chikhulupiriro china, chimene ndinachimvanso kwa agogo anga ndili mtsikana, n'chakuti mayi wosiya kusamba akapitiriza kukhala malo amodzi ndi mwamuna, mphamvu ya abambo imasonkhana m'mimba chifukwa kulibenso msambo woitsuka, mimba n'kutupa mpaka kufa. Palibe chimene chimasonkhana. Magazi a msambo sakhala penapake kudikira, chiberekero chimangoleka kuwakonza. Kunenepa kwa m'chiuno kumene ambiri timakuona pa msinkhu uwu n'kwa mahomoni ndi zaka. Ndipo ngati mimba ikutupadi, ikuuma kapena kupweteka, imeneyo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala, osati yochokera pamphasa.

Koma amayi akuchoka pamphasa. Ena chifukwa cha mantha amenewa, ena chifukwa cha ululu weniweni, poti njira ya abambo imauma ndipo kukhala malo amodzi kumasanduka chilango. Mayi sanena, mwamuna safunsa. Iye amangoona kuti akukanidwa, ndipo pakabwera ndalama za thonje kapena malipiro a kumunda wa nzimbe ku Nchalo, amakafuna kwina. Kenako kubwera mkazi wachiwiri, kapena kubwera matenda. Pamene mafuta ofewetsera alipo, ena otchipa ndithu, ndipo namwino akhoza kuwafotokoza m'mphindi ziwiri, n'kuchenjezanso kuti Vaseline ndi mafuta ophikira zimaboola kondomu. Mabanja a zaka makumi atatu akugwedezeka pa chinthu chimene chikanatha ndi mawu ochepa.

Palinso chisokonezo chimene munabweretsa ndinu, ngakhale ndi mtima wabwino. Jakisoni wolera uja wa miyezi itatu amaimitsa msambo kwa amayi ambiri. Mayi amene wakhala akubayitsa zaka khumi, lero ali ndi zaka 49, adziwa bwanji kuti wasiya kusamba kapena ndi jakisoni? Aleke liti? Pagulu lathu alipo atatu amene ali ndi funso limeneli. Wina, amene sankabayitsa koma ankamwa mapiritsi, ataona kuti msambo wayamba kusowasowa anaganiza kuti watha, analeka zonse, n'kutenga pathupi ali ndi zaka 46. Anakadikirira kuchipatala limodzi ndi mwana wake wamkazi, onse awiri oyembekezera, anthu akuloza. Anachira ndi opaleshoni, BP itakwera koopsa. Akanangouzidwa kuti msambo ukamadumpha dzira limathabe kutuluka, ndipo kulera sikulekedwa mpaka miyezi 12 itakwana osaona kanthu, manyazi ndi ngozi zimenezo sakanaziona.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi, chifukwa zinazi ndikanatha kupirira nazo.

Tinali ndi msungichuma wathu, mayi wochita geni ya nsomba zouma, amene ankakapikula ku Bangula n'kumagulitsa pamsika wa kuno. Anasiya kusamba ali ndi zaka 50. Patatha zaka zitatu anayamba kuonanso timagazi. Anatiuza tili pamphasa tikuwerenga ndalama, ndipo tinaseka. Ine ndinaseka nawo. Tinati wabwerera utsikana, abambo akunyumba akonzeke kugula matewera. Wina anati ndi magazi akale aja akutuluka, ndi bwino, thupi likudziyeretsa. Iyenso anaseka, mtima wake unakhala pansi. Miyezi inadutsa. Kenako kunayamba kutuluka madzi a fungo, msana kupweteka, iye kuwonda. Anasiya kukhala pafupi nafe, ankangotumiza mwana kudzapereka masheya. Pamene ankakwera mapiri kupita ku Blantyre ndi kalata yakuchipatala, madokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yafalikira. Tinamuika m'manda chaka chisanathe. Bokosi la ndalama za gulu ndi limene anasiya litakwana mpaka tambala yomaliza.

Namwino wopuma uja usiku wa pa maliro sanafike pa mfundo imeneyi, ndipo ine sindinadziwe. Ndinadzaimva mochedwa: mayi amene wasiya kusamba chaka chathunthu akaonanso magazi, ngakhale kadontho kamodzi, apite kuchipatala sabata yomweyo. Nthawi zambiri sikhala khansa, koma ikakhala khansa, kawirikawiri chizindikiro chake choyamba chimakhala chimenecho, ndipo ikapezeka msanga imatha kuchizika. Amayi 24, mphunzitsi ali pomwepo, panalibe wodziwa chiganizo chimodzichi.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri pa dziko lonse. Munayamba kupereka katemera wa HPV, woteteza ku khansayi, kwa atsikana a zaka 9 mu 2019, ndipo ine ndinathandiza kuwandandalika pamzere kusukulu. Mumayeza amayi ndi viniga m'zipatala, ndipo uthenga umanena za amayi a zaka 25 mpaka 49. Ndinamva kuti njira ya vinigayo sionetsa bwino mayi akasiya kusamba, ndiye malirewo ali ndi chifukwa chake. Koma mmene uthengawo umamvekera kumudzi n'kuti wopitirira zaka 49 wapulumuka, za chiberekero sizimukhudzanso. Ndi mmene malemu ankaganizira. Ndi mmene ine ndinkaganizira.

Mwina mukufunsa kuti bwanji ndikulemba ngati nkhaniyi ndi ya kuchigwa kokha. Si ya kuno kokha, koma kuno imabisala bwino. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu timagona panja, mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Mayi akanena kuti akumva kutentha, aliyense amamuyankha kuti nanga ndani sakumva. Wa ku Dedza akatuluka thukuta usiku anthu amadabwa, wa ku Nsanje amangomuuza kuti akasambe. Ndipo ntchito siidikira. Amayi a msinkhu wangawu ndi amene ali kudimba kuthirira chimanga, ali m'munda kutola thonje, akusenza nkhuni, akulera zidzukulu zimene makolo ake ali ku Blantyre kapena ku Joni. Munthu amene sanagone usiku wonse, amene mwezi uno wataya magazi ambiri mpaka chizungulire, amalawirira ndi khasu paphewa. Ine ndinkaima kutsogolo kwa ana oposa zana m'kalasi ya malata, moto uja n'kundigwira pakati pa phunziro la masamu, choko n'kusungunuka m'manja. Ana amaona zonse. Anandipatsa dzina limene sindilemba pano.

Madzi osefukira nawo ali ndi mbali yake. Kuyambira chigumula cha January 2015, kubwera cha March 2019, namondwe Ana mu January 2022, mpaka Freddy mu March 2023, amayi a kuchigwa tagona m'makalasi ndi m'matenti kangapo. Pa nthawi ya Freddy sukulu yathu inasanduka msasa. Kunabwera a bungwe lina kudzagawa zidebe zokhala ndi sopo, zitenje ndi zodzisamalira pa msambo, ndipo anaika pamzere atsikana ndi amayi achichepere. Mayi wina wa imvi pang'ono ataima pamzerepo, mnyamata wolemba maina anamuuza kuti, "Agogo, izi si zanu." Anthu anaseka, iye anachokapo. Usiku anabwera kwa ine kudzapempha nsanza, chifukwa anali m'masiku aja a chigumula cha m'thupi, m'chipinda cha anthu makumi asanu, chimbudzi chimodzi. Mnyamata uja sanali wankhanza. Anangophunzitsidwa zomwe tonse tinaphunzitsidwa, kuti msambo ndi wa atsikana ndipo umatha mwakachetechete.

Mafumu athu, apa ndilankhule ndi inu. Taganizirani mayi wa zaka 52, mwina wamasiye. Tulo sakupeza. Pakati pa usiku amatuluka panja atangomanga chitenje pachifuwa, kudzithira madzi kuseri kwa nyumba, kenako kukhala pakhonde yekhayekha mpaka tambala woyamba. Maso ake masana amakhala ofiira. Wayamba kukalipa pa zinthu zazing'ono, amalankhula yekha pofunafuna chimene waiwala. Tsiku lina mwana wa pafupi adwala. Ndani mwa inu amene sakudziwa dzina limene mayi ameneyu apatsidwe? Sindikunena kuti nkhani zonse za ufiti zimayambira apa. Koma ndinaonapo ndi maso anga mayi akuitanidwa pabwalo chifukwa choti "amayenda usiku," ndipo nditacheza naye pambali, zimene ankamva m'thupi zinali zanga zomwe zija. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo lili ku boma, pamene mudzi uli m'manja mwanu. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mukamva kuti mayi wakutiwakuti amatuluka usiku, musanaitane bwalo tumani akazi anu kapena nankungwi akamufunse za m'thupi.

Ndipo anankungwiwo ndi anu. Amadziwa kulangiza namwali, amadziwa kulangiza wa pathupi poyamba. Bwanji asakhale pansi ndi namwino tsiku limodzi, amve zoona zake za kusiya kusamba, asiye zija za mimba yotupa, kuti chilangizo chachitatuchi chikhaleponso? Mayi wa ku Makhanga kapena kwa Nyachikadza, kumene chipatala ndi ulendo wa pabwato, adzamva msanga kwa nankungwi wa m'mudzi mwake kusiyana ndi kwa dokotala. Abambo nawo muwauze pabwalo, inu nomwe amuna anzawo. Ife tikawauza amati tikuzemba.

Kwa inu a Unduna, sindikupempha nyumba yatsopano ya chipatala kapena galimoto. Ndikudziwa mmene thumba la boma liliri, malipiro anga omwe amandiuza. Chimene ndikupempha choyamba ndi funso lija. Mayi wa zaka zopitirira 40 akabwera ndi kutentha thupi ndipo malungo sanapezeke, wachipatala amufunse za kumwezi. Muzilembe m'mabuku amene anamwino ndi madokotala athu amaphunzira, kuyambira ku Kamuzu University of Health Sciences mpaka kusukulu ya anamwino ya Trinity ku Muona kuno kwathu. M'buku lakuchipatala la amayi muli masamba a pathupi ndi a kulera, onjezanimo tsamba limodzi la msinkhu uno, ndipo pamwamba pake mulembe ndi zilembo zikuluzikulu za magazi obwera mayi atasiya kale. Alangizi a zaumoyo amene amayenda m'midzi ndi njinga, amene amadziwa nyumba iliyonse yopanda chimbudzi, apatseni mawu asanu okha oti azinena kwa amayi akuluakulu. Phunziro la m'mawa pabenchi, limene limakhala la kolera, la maneti ndi la kulera, kamodzi pa mwezi likhale lathu.

Amayi amene ali pa ma ARV ndiye muli nawo kale m'manja. Amene anayamba kumwa ali ndi zaka makumi atatu pamene mankhwalawa ankafika, lero ali m'zaka za m'ma 50, ndipo amabwera okha kudzatenga mankhwala pa tsiku lawo. Thukuta la usiku likawayamba amaganiza kuti mankhwala aleka kugwira ntchito kapena TB yabwera, ena amangokhala ndi mantha osanena. Pamene mukuwayeza sikelo, afunseni. Muwayezenso BP ndi shuga. Muwakumbutse, pamodzi ndi ife tonse, kuti kutha kwa pathupi si kutha kwa matenda opatsirana.

Za mankhwala mutiuze zoona. Ndikudziwa kuti alipo obwezeretsa mahomoni, amene amathandiza kwambiri mayi amene kutentha kwamusowetsa mtendere, ndiponso kuti si a aliyense, monga amene anadwalapo khansa ya m'mawere kapena magazi kuundana. Ine m'zaka zisanu ndi chimodzi sindinamvepo wachipatala akuwatchula. Ngati boma silingakwanitse kugulira tonse, nenani, ndife akuluakulu, timva. Koma dokotala wa pachipatala cha boma azidziwa choti achite ndi mayi mmodzi uja amene wafika poti ntchito yamukanika. Otsalafe tiuzeni zimene zili m'manja mwathu: kuti matemba ndi usipa zodya ndi minga yomwe, masamba a sangowa, bonongwe ndi mkaka zimathandiza mafupa, kuti fodya wa m'mphuno ndi kachasu zimawonjezera vuto, kuti kutaya magazi kwambiri kapena kwa masiku ochuluka si koti tizingopirira. Izi zonenedwa m'Chisena ndi m'Chimang'anja pa mawailesi athu a kuno, madzulo amayi ataweruka kudimba, osati m'Chingerezi pa msonkhano wa kuhotela ku Mangochi. A Chipatala Cha Pa Foni nawonso akhale ndi yankho mayi akaimba, poti pafoni munthu amanena zimene pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mwana wake sanganene.

Chaka chilichonse pa 15 October dziko lino limapuma pokumbukira Tsiku la Anakubala. Ana amatigulira zitenje, andale amatiyamikira pawailesi. Patangopita masiku atatu, pa 18 October, ndi tsiku limene mayiko amakumbukira za kusiya kusamba. Ine ndinadzalidziwa chaka chatha, mwana wanga atandionetsa pa Facebook. Anakubala amene mumawaveka zitenje pa 15 ndi omwewo amene pa 18 simuwatchula. Masiku awiriwa ayandikana kale okha, ndipo agwera mwezi umene chigwa chimatentha kwambiri. Sabata imeneyo ingakhale yabwino kuyambira.

Gulu lathu limakumana Lachinayi lililonse 2 koloko masana pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa tchalitchi. Tagwirizana kuti pa thumba la zadzidzidzi tipatulepo ndalama ya kabaza, kupita ndi kubwera, ya namwino mmodzi amene a ofesi ya zaumoyo ku Chikwawa angatitumizire. Tikupempha akhale mayi, ndipo ngati n'kotheka wa imvi. Mafunso tawalemba kale kumasamba akumapeto a buku la masheya, alipo 17. Loyamba ndi la mng'ono wake wa malemu msungichuma, amene anasiya kusamba zaka ziwiri zapitazo ndipo mwezi watha anaona kadontho. Ameneyo sitinadikire yankho lanu, tinamuperekeza kuchipatala m'mawa mwake, ndipo zotsatira akazimva pa 9 mwezi wamawa.

Ine wanu,
Mayi mphunzitsi, mlembi wa banki m'khonde,
kudera la Ngabu, Chikwawa